Cimbudzi Catsopano pa Paipi Yakale: Ngozi Iri Polumikizira

Kuyambira m'caka ca 1996, pamene boma la Pulezidenti Frederick Chiluba linalamula kuti nyumba za makhonsolo zigulitsidwe kwa anthu amene anali kukhalamo, mabanja ambiri a mu Chipata anasanduka eni nyumba. Nyumbazo zinabwera ndi zonse zao: denga, zitseko, ndiponso mapaipi amene ali pansi pa simenti ndi kuseri kwa cipupa. Kale paipi ikaphulika munthu anali kungopita kukanena ku khonsolo. Lero paipi ya m'kati mwa puloti ndi ya mwini nyumba, ndipo ikayamba kudontha, oyamba kudwala ndi ana ake omwe.

Mu Kapata, monganso m'makomboni ena akale a Chipata, mabanja ali kalikiliki kukonza nyumba zao. Amaika matailosi, amapaka penti, amacotsa cimbudzi cakale ca thanki ya pamwamba kapena cija conyonyomala, naika cimbudzi coyera cokhalapo. Zimenezi nzabwino ndithu. Koma mbale yoyera ija, imene mapulamba amaicha pani, ndiyo mbali yokha imene maso amaona. Zonyansa zikacoka m'pani zimalowa m'paipi yacitsulo imene mwina inaikidwa tauniyi ikali kuchedwa Fort Jameson. Pamene catsopano cikumana ndi cakale ndi malo ocepa, oti dzanja limodzi lingawaphimbe, koma matenda angayambire pomwepo ngakhale m'nyumba yosesedwa bwino.

CIFUKWA CAKE NDI NKHANI YA UMOYO

Kolera, taifodi, kamwazi ndi njoka za m'mimba zonse zimayenda njira imodzi. Zimacoka m'zonyansa za munthu mmodzi ndi kukalowa m'kamwa mwa wina. Nchito ya cimbudzi ndiyo kudula njira imeneyi, ndipo cimbudzi codontha polumikizira siciidula ai. Nthawi iriyonse munthu akafulasha, madzi pang'ono a zonyansa amatuluka nalowa pansi pa simenti, kapena amatsika ndi cipupa ca kunja, kumene ana amasewera ndi kumene mbale zimatsukidwira. Nchenche zimatera pa cinyezi cimeneco, kenaka pa nsima. Mphemvu ndi makoswe zimapeza khomo locokera m'suwa kulowa m'nyumba.

Palinso ngozi ina yosaoneka. M'nyumba zakale paipi ya madzi akumwa kawirikawiri imapita pafupi ndi paipi ya cimbudzi. Madzi akapita pa mpopi, m'paipi simukhalanso mphamvu yokankhira kunja, ndipo ngati iri ndi kaboo kapena mfundo yolekera, imayamwa madzi a m'dothi lozungulira. Madzi akabweranso, zonsezo zimatulukira m'ndowa yoyamba. Conco madzi angacoke ku madamu a Lutembwe ali oyera, othiridwa mankhwala, nkuipitsidwa atatsala mamita ocepa kuti afike m'kapu. Kumene anthu amatunga m'zitsime zosaya ngoziyo ndi yaikulu koposa, makamaka mvula ikayamba mu November nthaka nkukhuta madzi.

Kolera si nkhani ya kutali. Mu January 2023 inabuka m'boma la Vubwi, loyandikana ndi Chipata. Mliri umene unayamba mu October 2023 unadwalitsa anthu oposa 20,000 m'dziko lonse la Zambia ndi kupha oposa 700. Masukulu sanatsegulidwe mpaka mu February 2024, ndipo bwalo la mpira la National Heroes Stadium ku Lusaka linasanduka cipatala.

KUYANG'ANA PAIPI PANI ISANAGULIDWE

Paipi yakuda yolemera ija ndi ya citsulo cosungunula cimene amisiri amacicha cast iron, ca mtundu umodzi ndi mapoto a miyendo itatu ndi nsimbi ya makala. Ndi colimba ndipo cimakhala zaka zambiri, koma sicipindika. Cikamenyedwa molimba cimasweka ngati mbiya. Mapaipi amene anaikidwa m'zaka za m'ma 1960 apitirira zaka 50 tsopano, ndipo ambiri amakalamba kuyambira m'kati. Dzimbiri limatupa nkucepetsa njira, m'kati mumakhala mwa manthumanthu, ndipo mpweya wa m'suwa ukakumana ndi cinyezi umapanga asidi amene amadya citsulo pang'onopang'ono. Kunja paipi ingaoneke yabwino cifukwa ca penti pamene m'kati yatsala ngati cikhungwa.

Colakwa cimene anthu ambiri amacita ndi kuyamba kugula pani, kenaka nkuitana pulamba kuti aikakamize pa paipi imene iripo. Nzeru ndi kuyamba ndi paipi. Pulamba wodziwa nchito amaigogoda pang'onopang'ono ndi cogwirira ca sikuludilaiva kapena kanyundo kakang'ono. Citsulo camoyo cimalira kuti ngwee, cobvunda cimamveka kuti phuu ngati thabwa lonyowa. Amayang'ana mizere ya dzimbiri yotsika kucokera pa mfundo, matuza a pa penti, ndi ming'alu yoyenda m'litali mwa paipi. Ngati nsonga ya sikuludilaiva ilowa m'citsulo ngati m'khala, mbali imeneyo yatha ndipo palibe columikizira cimene cingagwirepo. Iyenera kudulidwa mpaka pamene pali citsulo cabwino.

Kenaka atsegule manihole imene iri kunja kwa nyumba, wina athire ndowa ya madzi m'cimbudzi cakale, ndipo aone ngati madziwo afika msanga ndiponso onse. Akafika mocedwa kapena ocepa, bvuto liri pansi pa nthaka. Kumeneko paipi siikhala yacitsulo nthawi zonse. Ingakhale yadothi lootcha kapena ya asibesitosi, ndipo mizu ya mango ndi magwafa imakonda kulowa pa mfundo zake. Pani yatsopano siingacize paipi yotsekeka ndi mizu.

Miyeso nayo itengedwe sitolo isanafikidwe. Pali mapani amene amatulutsira zonyansa kumbuyo, kupyola cipupa, ndi ena amene amatulutsira pansi. Mwini nyumba ayenera kudziwa mtundu umene paipi yake ifuna, ndiponso ayese kutalika kucokera pansi kufika pakati pa kamwa la paipi, kapena kucokera ku cipupa ngati paipi iri pansi. Akumbukire kuti matailosi amakweza pansi. Pani ikakwera ndi masentimita awiri kapena atatu paipi nkutsala pamene inali, ziwirizo sizipenyananso. Coipa koposa ndi pamene kamwa la paipi lakwera kuposa potulukira pa pani, cifukwa zonyansa sizikwera phiri. Zimatsalira polumikizira ndipo cimbudzi cimatsekeka sabata iriyonse.

SIMENTI NDI MALEGENI SIZIKWANIRA

Amisiri akale anali kulowetsa potulukira pa pani m'kamwa lalikulu la paipi, nkutsekera mpata ndi cingwe ndi pate kapena simenti. Pa mfundo za citsulo cokhacokha anali kusindikiza cingwe copakidwa phula ndi kuthirapo mtovu wosungunula. Pocotsa cimbudzi cakale zimenezi ziyenera kucotsedwa mofatsa ndi chizulo caing'ono, paipi itatsekedwa ndi nsanza yomangidwa ku cingwe kuti zidutswa zisagwere m'kati. Kadutswa kamodzi ka simenti kakagwera m'paipi kamakakhala pa kona, nkumakola mapepala mpaka njira yonse itatsekeka. Nyundo yaikulu isafike pafupi. Kamwa la paipi likang'ambika, nchito ya tsiku limodzi imasanduka ya sabata.

Masiku ano njira yofala, cifukwa ndi yochipa, ndiyo kuunjika simenti pozungulira potulukira pa pani. Tsiku loyamba pamaoneka bwino ndipo mwini nyumba amalipira mokondwa. Koma pani imagwedezeka pang'ono nthawi iriyonse munthu akakhalapo, ndipo citsulo, simenti ndi dothi la pani sizifutukuka mofanana pa kutentha kwa October ndi kuzizira kwa June. Simenti siilola kugwedezeka. Imacita ming'alu yopyapyala ngati tsitsi, yokwanira kutulutsa madzi ndi fungo, ndipo nthawi zina imathyola khosi la pani yatsopanoyo. Ena amaotcha paipi ya pulasitiki pa mbaula kuti ifutukuke, nkuibveka pa citsulo ndi kumanga ndi malegeni. Malegeni ndi abwino pomangira katundu pa njinga. Pa cimbudzi amauma ndi dzuwa, amaduka, ndipo pulasitiki yootcha imakhala yopyapyala pamene ifunika kulimba.

Coyenera kugwiritsira nchito ndi columikizira ca pulasitiki ndi labala cimene m'masitolo a hadiweya amacicha pan connector. Mbali imodzi iri ndi mphete ya labala yogwira khosi la pani. Mbali ina iri ndi zipsepse za labala zimene zimalowa m'kati mwa paipi ndi kuigwira mwamphamvu. Cifukwa cakuti ndi labala, cimalola pani kugwedezeka popanda kutsegula mpata. Ziripo zoongoka, zopindika, zazitali, ndi zina zokhota pang'ono zothandiza pamene pani ndi paipi zasemphana ndi masentimita ocepa. Paipi yakale ya cimbudzi kawirikawiri ndi ya mainchi 4 m'kati, pafupifupi mamilimita 100, pamene ya pulasitiki imayesedwa kunja ndipo ndi ya mamilimita 110. Ndico cifukwa cake nkwabwino kuyesa m'kati mwa paipi yakale ndi kupita nao muyesowo ku sitolo.

Zipsepsezo ziyenera kugwira m'thupi la paipi, osati m'kamwa lalikulu lija, cifukwa m'menemo zimangolendewera. Pafunika columikizira cacitali copyola kamwalo, kapena kamwalo lidulidwe. Ndiponso labala siigwira pa dzimbiri la manthumanthu. M'kati mwa paipi mukwecedwe ndi bulashi ya waya mpaka musalale, pa utali wonse umene zipsepse zidzafika. Pofuna kuti columikizira cilowe mosabvuta apake sopo wa madzi. Girisi, oilo ya galimoto ndi Vaseline zimafewetsa ndi kuononga labala, conco zisagwiritsidwe nchito. Pani ikakhala pamalo pake imangidwe pansi ndi masikuluu, ndipo polumikizira pasakwiriridwe m'simenti, kuti tsiku lina padzathe kuonedwa ndi kukonzedwa.

Kumene mbali ya citsulo yadulidwa ndipo pafunika kuikapo paipi ya pulasitiki, ziwirizo zimalumikizidwa ndi mkono wa labala wokhuthala umene uli ndi malamba a citsulo cosacita dzimbiri, omangidwa ndi sikuluu mbali zonse ziwiri. Guluu wa mapaipi a pulasitiki sagwira pa citsulo. Podula ndi gilainda pulamba abvale magalasi oteteza maso, ndipo ngati paipiyo ndi yoimirira ayambe waimanga ku cipupa pamwamba pa malo odulawo. Paipi imodzi yosafika mamita awiri ingalemere makilogalamu oposa 20, ndipo ikasiyidwa yopanda coigwira imagwa ndi zonse ziri pamwamba pake. Paipi ya asibesitosi isadulidwe ndi gilainda, cifukwa fumbi lake limaononga mapapo.

Mtovu wocotsedwa pa mfundo zakale usasiyidwe pabwalo. Ndi poizoni, makamaka kwa ana ang'ono, amene umawaononga ubongo ndi magazi. Anthu a ku Kabwe, kumene mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994, akali kulimbana nalo bvuto limeneli. Anyamata asaloledwe kuusungunula pa mbaula yophikira kapena kuseweretsa zidutswa zake.

KUTSETSEREKA, MPWEYA NDI MADZI

Paipi yogona iyenera kutsetsereka, koma mwa muyeso. Lamulo lakale la amisiri pa paipi ya mainchi 4 ndi lakuti itsike masentimita awiri ndi theka pa mita iriyonse. Ikagona kwambiri madzi amayenda mwaulesi nasiya zonyansa m'njira. Paipi ya pulasitiki imafuna zoigwira zambiri kuposa yacitsulo, apo ai imapinda msana pakati ndipo madzi amadikha pamenepo.

Paipi ija imene imakwera kupyola denga siiri yokongoletsa nyumba. Imatulutsa mpweya woipa wa m'suwa ndi kulowetsa mphepo pamene munthu afulasha. Anthu ena poonjezera cipinda amaidula kapena kuitseka cifukwa yawapingasa. Zikatero, madzi aja amene amakhala pansi pa pani, akuya pafupifupi masentimita 5, amakokedwa nkupita, ndipo ndiwo amene amachinga fungo ndi tizirombo kuti zisabwerere m'nyumba. Cimbudzi cimene cimalira kuti gubudugubudu cikafulashidwa, kapena cimene madzi ake amatsika okha, kawirikawiri cikusowa mpweya. Pamwamba pa paipiyo paikidwe kansengwa ka waya kuti mbalame zisamangemo zisa.

Mathanki akale anali kutulutsa malita 9 kapena kuposerapo pa kufulasha kumodzi. Ambiri atsopano amatulutsa malita 6, ndipo a mabatani awiri amatulutsa malita 3 pa batani laling'ono. Izi zimacepetsa bilu ya madzi, koma m'paipi yakale ya dzimbiri madzi ocepa sakankha zonyansa mpaka ku manihole. Banja limene lasiya paipi yacitsulo pansi ligwiritsire nchito batani lalikulu pa zonyansa zolimba. Madzi akapita pa mpopi, ndowa yathunthu ithiridwe nthawi imodzi, osati pang'onopang'ono ndi kapu. Nyuzipepala, zitsononkho, nsanza, matewera ndi zobvala za amai pa nthawi ya kumwezi zisaponyedwemo. Paipi yosalala mwina ingazipititse, koma ya dzimbiri imazikola.

PULAMBA ASANALIPIRIDWE

Nchito iyesedwe mwini nyumba ali pomwepo, matailosi a kumbuyo asanaikidwe ndi ngalande isanakwiriridwe. Polumikizira papukutidwe mpaka paume, pansi pake payalidwe nyuzipepala youma, ndipo cimbudzi cifulashidwe kasanu kapena kasanu ndi kamodzi motsatizana, kenaka athiremo ndowa ziwiri mwamphamvu. Dontho limodzi pa pepala ndi cizindikiro cakuti nchito siinathe. Kuthira buluu wocapira m'madzi kumathandiza kuona pamene padontha, ndiponso wina ali pa manihole angaone ngati madzi abuluuwo afika onse. Pulamba wabwino sakwiya ndi mayeso otere.

Munthu asalowe m'manihole yakuya kapena m'sepitiki thanki. Mpweya wa m'menemo umanunkha ngati mazira oola ukakhala wocepa, koma ukaculuka umapha mphuno kuti isamvenso fungo, ndipo munthu amakomoka asanazindikire. Wolowa kukapulumutsa mnzake nayenso amagwa momwemo. Macesi ndi fodya zikhale kutali, cifukwa mpweya wina wa m'suwa umayaka.

Mwini nyumba adziwenso pamene mphamvu zake zithera. Kawirikawiri paipi ya m'puloti ndi yake, koma suwa yaikulu ndi ya kampani ya madzi, Eastern Water and Sanitation Company, imene imagwira nchito moyang'aniridwa ndi bungwe la NWASCO lokhazikitsidwa ndi lamulo la madzi la 1997. Palibe amene ayenera kuboola suwa yaikulu kapena kulumikizako cimbudzi cina popanda kuuza kampaniyo. M'nyumba zomangidwa m'mizere paipi imodzi ya kumbuyo imatumikira mabanja angapo, conco zidutswa zogwetsedwa m'nyumba ya kumtunda zimakasefukira pakhomo la mnansi wa kumunsi. Nkwabwino kuwauza anansi nchito isanayambe, ndiponso kusamanga cipinda pamwamba pa manihole. Lamulo la za umoyo wa anthu, Public Health Act, limapatsa oyang'anira za umoyo a khonsolo mphamvu yolamula mwini malo kukonza paipi yotayira zonyansa pabwalo. Amene ali pa lendi auze eni nyumba, ndipo ngati sacitapo kanthu akanene kwa oyang'anirawo.

Pa masiku a nchitoyo banja lipangane ndi anansi za cimbudzi cogwiritsira nchito, ana asapite kuseri kwa nyumba. Wogwira mapaipi abvale magolovesi ndi majombo, asadye kapena kusuta asanasambe m'manja ndi sopo, ndipo zobvala zake zicapidwe pazokha. Pamene patayikira zonyansa patsukidwe ndi Jik, ndipo madzi akumwa awiritsidwe kapena athiridwe Clorin mpaka nchito itayesedwa. Wina akayamba kutsekula m'mimba madzi okhaokha ayambe kumwa Madzi a Moyo nthawi yomweyo ali pa ulendo wopita ku kiliniki ya Kapata kapena ku Chipata Central Hospital, cifukwa kolera ingaphe munthu wamkulu m'maola ocepa.

Patapita masabata awiri polumikizira payang'anidwenso ndi pepala louma. Fungo limene silicoka ngakhale cimbudzi catsukidwa, penti yotupa m'munsi mwa cipupa, tailosi logwedera pafupi ndi pani, kapena udzu wobiriwira pa mzere wa paipi m'cilimwe, zonsezi zimatanthauza kuti pulamba aitanidwenso mvula isanagwe.